Achule a pa Chandamale cha ba Damiyano

Ba Damiyano tinawaika m'manda a pa mishoni m'nyengo yozizira, mphepo ikutithira fumbi m'maso. Ndikulemba izi chifukwa pamaliropo sindinathe kunena kanthu. Ndine munthu wamanyazi, komanso panali akuluakulu amene anabwera ndi mawu okonzeratu. Ndikupempha kuti aliyense amene adzione m'nkhani ino asandikwiyire. Sindikulimbana ndi Chipani, sindikulimbana ndi Boma. Ndikungonena zimene ndinaona.

Amene analankhula nthawi yaitali kumandako anali ba Tcheyamani a Chipani a dera lathu. Anati malemuwa anali mzati wa chitukuko, munthu amene anapereka mauta ake kwa achinyamata ndi manja awiri. Anatulutsa kampango n'kupukuta maso ouma. Kumbuyo kwawo kunaima anyamata a Chipani atakoleka m'mapewa mauta amene ba Damiyano anasema, ena akutafuna nzimbe n'kumalavulira pafupi ndi dzenje. Ine ndinapita kukaima kuseri kwa mtengo mpaka nyimbo yomaliza.

Ba Damiyano anali kalipentala wa pa mishoni. Anachokera cha ku Luangwa ali mnyamata, n'kukwatira kuno kwa Bundabunda, koma kalankhulidwe ka kwawo sanakasiye. Anali aafupi, adazi, a mapewa otambalala. Sindinganame kuti anali munthu wosavuta kumukonda. Fodya wa m'mphuno ankawatsikira pa ndevu, ndipo zovala zawo zinkanunkha chikopa chonyika m'madzi, chimene ankapotera nsinga za mauta. M'tchalitchi anthu ankawasiyira malo ambiri pa benchi. Iwo ankati ndi ulemu.

Nthenga iliyonse yogwa pansi inali yawo. Ankatha kuwerama pakati pa ulendo wa maliro kuti atole nthenga ya nkhanga, n'kuiwongola ndi malovu, n'kuiponya m'thumba la jekete. Zikasowa za pansi ankapita m'khola. Tsiku lina ndinawapeza akukangana ndi akazi awo, amayi Agnesi, tambala ali m'khwapa.

"Nkhuku zanga ziyenda maliseche chifukwa cha imwe!" anatero amayi Agnesi.

"Zizamera zina."

"Nanga za pamutu panu zinamera?"

Ba Damiyano anangomuika pansi tambalayo n'kundiuza kuti ndisaseke, pakuti sindinakwatire.

Kalabu ya mauta anaiyambitsa chaka chimene ambiri a ife tinalephera kupeza malo ku sekondale. Mpira wathu unali utaphulika, ndipo m'masitolo munalibe wina, monga munalibe sopo ndi mafuta ophikira. Tinkangokhala pa khonde la sitolo, ena n'kuyamba kulondola fungo la kachasu. Ba Damiyano anapempha Abambo ansembe a pa mishoni kachigawo ka kuseri kwa nyumba yopaliramo matabwa, kamene kanathera pa chulu chachikulu. Chuluchi chinali choti chiziimitsa mivi yosochera. Kenaka anabwera pa khondepo n'kunena kuti amene ali ndi manja awatsate, amene ali ndi pakamwa pokha atsale.

Anthu anaseka kwambiri. Ankati nyama zinatha kalekale m'mapiri muno, ndipo zotsalazo ndi za Boma, nanga tidzalasa chiyani. Yankho la ba Damiyano linali lakuti osewera mpira nawonso sadya mpirawo. Katekisiti anadandaula kuti anyamata akuthawa kwaya chifukwa cha mauta, ndipo anthu awiriwa anatha nyengo yonse ya dzinja osapatsana moni, mpaka anagwirizana kuti Loweruka ndi la mauta, Lamulungu ndi la Mulungu.

Amene ankaganiza kuti adzagwira uta tsiku loyamba anakhumudwa. Tinayamba ndi kudula bango kumtsinje, kuliwongola pa makala, kusula misomali kuti ikhale nsonga, kumanga nthenga ndi ulusi. Muvi ukatha, ba Damiyano ankaugubuduza pa chikhadabo cha chala chachikulu, diso limodzi atatsinzina. Ukangogwedezeka pang'ono ankauthyola pa bondo osanena kanthu. Chandamale chathu chinali thumba la chimanga lodzaza utuchi, lomangidwa pa mitengo iwiri, lojambulidwa mizere yozungulira ndi makala ndi dothi lofiira. Mauta ankasema okha, ndipo uliwonse unkatengera msinkhu wa mwini wake.

Malamulo awo sanali ambiri. Munthu asayende kutsogolo wina akadali ndi muvi pa nsinga. Woledzera abwerere. Koma lalikulu, limene ankalibwereza mpaka kutitopetsa, linali lakuti muvi suponyedwa pa chinthu chokhala ndi maso pokhapokha ngati woponyayo adzachidya. Mnyamata wina atalasa buluzi pa chulu, anamukolezera moto n'kumuuza kuti asankhe pakati pa kuwotcha n'kudya buluziyo ndi kusiya uta. Mnyamatayo anasiya uta, ndipo anabwerera atapepesa kwa mwezi wathunthu.

Katswiri wathu anali Pasikale, mwana wa mlongo wawo wa ba Damiyano. Mivi yake inkakhala pamodzi pakati pa thumba ngati zala za dzanja limodzi. Apa ndiyenera kunena cholakwa cha malemuwa, ngakhale sikwabwino kunena za munthu wogona. Sanamuyamikirepo Pasikale. Ife tikalasa m'mphepete ankagwedeza mutu movomereza, koma iye akalasa pakati ankamuuza kuti chigongono chinali pansi. Ankati kuyamika mwana wa m'nyumba n'kumuthira nsabwe. Pasikale ankakukuta mano n'kumayang'ana uku ndi uku ngati pali wina amene waona.

Masiku ano, monga aliyense akudziwa, anyamata sangasonkhane ndi zida popanda Chipani kudziwa. Choncho ba Damiyano anavala jekete n'kupita kwa ba Tcheyamani. Ba Tcheyamaniwa anakulira ku migodi, ndipo Chinyanja chawo n'cha m'tauni, chosatulutsa mpweya. Nkhuku amati nkuku, phala amati pala. Anavomera kuti kalabu ipitirire, bola Chipani chikaifuna izipezeka. Ba Damiyano anabwerako akumwetulira. Nawonso ankafuna kuti tsiku lina akuluakulu a ku boma adzaone ntchito yawo, ndipo sindikuwadzudzula pa zimenezo.

Tsikulo linafika ndi chisankho. Aliyense akukumbukira mapepala aja: wofuna kunena Inde kwa Chipani ankachonga pa nkhwazi, wofuna kunena Ayi ankachonga pa chule. Ba Tcheyamani anatumiza mawu akuti kudzakhala msonkhano waukulu pa bwalo lathu, kudzabwera Bwana wochokera ku boma ku Chongwe, ndipo kalabu idzaonetsa anthu mmene chule amalasidwira. Tichotse mizere yathu pa thumba, tijambulepo chule.

Kukana kunali kutaya kalabu, zimenezo tonse tinkadziwa. Mmawa mwake ba Damiyano anatenga khala n'kujambula chule woonekera kumsana, wopanda maso. Anati chithunzi ndi makala chabe, ndipo chopanda maso sichiphwanya lamulo. Chinkaoneka ngati fulu wopondedwa ndi galimoto, koma tinachiphunzirira mwakhama. Anatichapitsa malaya, n'kutiphunzitsa kuyenda mumzere ndi kuwerama pamaso pa mlendo.

Tsiku la msonkhano linali lotentha kwambiri, mvula isanayambe. Ana a sukulu anaimba kuyambira mmawa mpaka milomo kuchita mamba. Amayi a Chipani anavina, fumbi n'kukwera. Bwana anafika dzuwa lili pamutu, n'kukhala pa mpando wa ndalema pansi pa msasa. Ife tinatuluka m'nyumba ya matabwa mumzere, ba Damiyano patsogolo, ndipo tinaona kuti chandamale chaphimbidwa ndi chitenje. Tinayesa kuti ndi ulemu.

Anyamata a Chipani atachotsa chitenjecho, thumba lonse linali kugwedezeka. Anali atagwira achule amoyo m'matope a kuchitsime n'kuwabaya miyendo ndi minga kuti akanirire pa thumbalo, manja ndi miyendo yotambasula. Ayenera kuti anawapachika mmawa, pakuti khungu lawo linali litauma n'kutuwa, ndipo nyerere zinali zitawapeza kale. Ena anali atadzikodzera, mizere yonyowa ikutsika pa chithunzi cha ba Damiyano chija. Makosi awo ankangofufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, opanda mawu. Ndipo onse anali ndi maso, otuluka, oyang'ana kwa ife.

Ba Tcheyamani ananyamula chimkuzamawu cha mabatire.

"Aba ndiye ba Ayi!" anakuwa. "Mwabaona? Lelo tizaona ngati bazalumpa. Mudala watu ba Damiyano ndiye azayamba. Bwelani, mudala!"

Ba Damiyano anapita pa mzere woimapo. Anaika muvi pa nsinga, koma sanakoke. Ndinali pafupi nawo, ndipo ndinaona thukuta likutsika pa dazi n'kulowa m'kolala. Anaima nthawi yaitali mpaka ng'oma zinasiya. Sindikudziwa chimene akanachita. Ndaganizira zimenezi kambirimbiri, ndipo sindikudziwa.

"Mudala, Bwana ayangana!" anakuwanso ba Tcheyamani. "Musaponye! Mwamvela? Musaponye!"

Iwo ankatanthauza kuti musaphonye, lasani ndithu. Koma pakamwa pawo kampweya kaja kanalibe, ndipo chimene chinatuluka m'chimkuzamawu n'kumveka bwalo lonse chinali kuletsa munthu kuponya muvi.

Ba Damiyano anatembenuka pang'onopang'ono. Anachotsa muvi, anatsamiritsa uta pa phazi, anaupinda n'kumasula nsinga. Kenaka anawerama monga anatiphunzitsira.

"Zikomo, ba Tcheyamani," anatero mokweza. "Mwakamba kuti nisaponye. Ine nimvera Chipani."

Kuseka kunayambira kwa amayi. Wina anagwira pakamwa ndi chitenje, mnzake n'kuphulika, kenaka aphunzitsi, kenaka ana. Ngakhale Bwana anayang'ana kumbali mapewa akugwedezeka.

"Sininakambe so!" anatero ba Tcheyamani. "Nakamba ati musaponye! Musaponye chule!"

"Namva, bambo. Sinizaponya."

Anthu anagona pansi ndi kuseka. Nkhalamba ina inakuwa kuti ba Tcheyamani asanduka loya wa achule. Mitsempha ya m'khosi mwa ba Tcheyamani inatupa, ndipo kwa kanthawi ndinakhulupirira kuti zatha, kuti Bwana aseka n'kunena kuti tizilombo timasulidwe.

Pamenepo Pasikale anatuluka mumzere. Palibe amene anamuitana.

"Amalume akalamba, maso yavuta," anatero poyang'ana kumsasa. "Lekani ine nionetse Bwana."

"Pasikale," anatero ba Damiyano motsitsa. "Bwerera."

Sanabwerere. Anakoka bwino, chigongono pamalo pake, monga anaphunzitsidwira. Muvi pa thumba la utuchi umalira mouma, koma uwu unalira ngati munthu waponda papaya loola. Chule wa pakati anaphulika, zam'mimba n'kulendewera, miyendo ikupalasabe. Wachiwiri muvi unamulowa pakamwa. Sindipitiriza.

Chimene chimandinyansa mpaka lero si achulewo ayi. Ndi nthungululu. Amayi omwe aja amene ankaseka ba Tcheyamani, misozi ya kuseka isanaume, anaimirira n'kuyamba kululutira Pasikale. Aphunzitsi anaimbitsa ana. Anyamata a Chipani anatilanda mauta m'manja n'kuyamba kuponya okha mopanda mzere, mivi ikudutsa pamwamba pa chulu, ndipo amene analephera anapita kukamaliza ndi miyala. Ana aang'ono anathamangira kutsogolo kukaonera pafupi.

Zitatha, akuluakulu anakhala pansi pa msasa kudya mpunga ndi nkhuku, ndipo Pasikale anaitanidwa kukhala nawo pa tebulo. Kanali koyamba kuti munthu amuombere m'manja, ndipo nkhope yake inkawala. Ba Damiyano anapita okha pa chandamale. Achule ochepa amene anali asanalasidwe anawazula minga n'kuwaika m'chipewa, n'kundipatsa kuti ndikawataye ku matope. Ovulala anawamaliza ndi mpeni. Ndikubwerera, ndinaona ba Damiyano akuzula muvi wa pakati uja pamodzi ndi chule wake, n'kuyenda nawo kulunjika kumsasa. Anthu anapatuka.

Anafika pa tebulo, anawerama kwa Bwana, kenaka anakolopola chuleyo ndi chala kuchoka pa muvi n'kugwera mu mpunga wa Pasikale.

"Walasa," anatero. "Idya."

"Amalume..."

"Lamulo ulidziwa. Idya, Bwana aone."

Palibe amene anaseka. Bwana anakankha mbale yake, anasamba m'manja, n'kupita ku galimoto osatsanzika. Pasikale anakhala chiyang'anire m'mbale, msuzi ukusanduka wina. Ba Tcheyamani anaimirira n'kulankhula mosakuwa, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akulankhula motero.

"Mudala, apa manje mwaonjeza."

Sabata lisanathe anyamata a Chipani anabwera ku nyumba ya matabwa n'kutenga mauta onse ndi mivi yonse. Anati kalabu siinatsekedwe, yangolowa m'manja mwa achinyamata a Chipani, ndipo mtsogoleri wake ndi Pasikale. Uta wa ba Damiyano wokha ndi umene unatsala, chifukwa unali kunyumba kwawo pamwamba pa chitseko. Abambo a pa mishoni anati nkhaniyi ndi ya ndale, iwo sangalowererepo. Katekisiti yekha, mdani wakale uja wa ba Damiyano, ndi amene anapita kukakhala nawo pakhonde madzulo ake.

Kumene mautawo anapita aliyense akudziwa. Ali pa chipata cha msika ndi pokwerera basi. Anyamata amaima nawo n'kumafunsa amayi makadi a Chipani, ndipo amene waiwala kadi amakhala padzuwa mpaka matimati ake afewe. Ndinaonapo wina akuvundukula dengu la mayi wokalamba ndi nsonga ya muvi, n'kubaya tomato mmodzi n'kumudya pomwepo. Muviwo ndinauzindikira, nthenga zake zinali za tambala wa amayi Agnesi. Ndinangoyang'ana pansi n'kudutsa.

Ife otsala tinapita kukapempha ba Damiyano kuti atisemere mauta ena, tiziponya mwakachetechete kumapiri. Anakana. Anati anasemera kale chipata cha msika mauta okwanira, sangawonjezerenso. Tinawauza kuti ife sitili ngati enawo, ndipo iwo anayankha kuti Pasikale nayenso sanali ngati enawo. Kuyambira pamenepo ankapala mabenchi ndi mabokosi a maliro basi. Nthenga anasiya kutola. Akakumana ndi Pasikale panjira ankayankha moni ngati akuyankha mlendo, ndipo Pasikale sanabwere kudzawaona pamene chifuwa chinawagoneka.

Koma mwambo ndi mwambo. Uta wa munthu umapita kwa mwana wa mlongo wake. Titabwerako kumanda, achibale anakhala pabwalo n'kuitana Pasikale, ndipo amayi Agnesi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi utawo. Unalibe nsinga.

"Nanga nsinga, amayi?" anafunsa mkulu wina wa banja.

"Namangira mbuzi," anatero amayi Agnesi, n'kubwerera kukakhala pa mphasa.

Pasikale anaulandira atagwada, ba Tcheyamani n'kuomba m'manja. Mawa lake unali ndi nsinga ya waya wa magetsi.

Loweruka lapitali ndinapita ku bwalo lathu. Mitengo iwiri imene inkagwira thumba inazulidwa, akuti inakasonkhezera moto pa maliro omwewo. Chulu achikumba mbali imodzi kuumba njerwa za ofesi ya nthambi ya Chipani, ndipo dzenje lotsalalo anthu odikira basi alisandutsa chimbudzi, moti munthu sungaime pafupi osagwira mphuno. Pamene tinkaima mumzere pamera chisoso chofika m'mawondo. Ndinayesa kupeza pamene panali phazi langa, koma sindinapadziwe.

Ndili chiimire, panatulukira mayi wina wa kumudzi wa kutsidya atasenza dengu la masamba, mwana kumbuyo. Kanjira kachidule kopita kumsewu kamadutsa pakati pa bwalolo. Atandiona anaima.

"Ndimwe a mauta?" anafunsa.

Ndinati inde, ndinali wa kalabu ya ba Damiyano, ndipo ndinafuna kumufotokozera. Koma iye anali atayamba kale kumasula mfundo ya pa chitenje, kufunafuna kadi. Ndinamuuza kuti sindikufuna kadi, apite bwino. Sanandikhulupirire. Anabwerera chambuyo, n'kusiya kanjirako, n'kuzungulira bwalo lonse kudzera m'minga ndi mwa dzenje lija, dzanja limodzi pa dengu, lina litaphimba mutu wa mwana.